Batani la Alamu Anga

"Kiyi ndi ya anthu akale, alamu. Galimoto iyi ikachoka m'manja mwanga, muzidzailiza ndi chala chimodzi, kungodina batani." 

Anatero mchimwene wa mkazi wanga atagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja. Anthu amawatchula kuti Injiniya, ngakhale sukulu tinaithawa chaka chimodzi, ine ndinatulukira pakhomo, iwo pawindo.

Galimotoyo anandisiyira ndi malemu bambo anga. Kiyi yake inali itaperepeseka, moti kuti injini ilire ndinkaigwedeza, kuinyengerera, pena kuitukwana. Mkazi wanga anali atatopa nako kukankha. Lolemba lotsatira ankapita ku intavyu ya ntchito imene anaidikira zaka zitatu, ndipo anandiuza mosapsatira kuti ikamuchedwetsa tsiku limenelo, galimoto ya bambo ikathera kwa ogula zitsulo zakutha.

Loweruka lonse linathera pamenepo. Alamu anachotsa pulasitiki ya pansi pa chiwongolero, mawaya n'kulendewera ngati matumbo a mbuzi. Anadula ofiira, analumikiza achikasu, mafyuzi awiri anapsa, hutala inalira yokha mpaka agalu a aneba anayankha. Ine ntchito yanga inali kugwira tochi ndi kulandira chipongwe.

Si ine makaniko, koma galimoto imeneyo ndinakuliramo. Ndinawakumbutsa za kachitsulo kaja kamene kamatuluka ukazula kiyi, n'kukola chiwongolero kuti wakuba asakhote. Ndinati kameneko kachoke kaye, batani pambuyo. Anayesa ndithu, koma mabawuti ake ndi aja opanda mitu, sipanala imangoterereka. Atagogoda ndi hamala kwa ola lathunthu, chala chitatupa ngati mbatata, anandiuza kuti kachitsuloko kamamvera magetsi, ndipo batani lakalamula kale.

"Magetsi ake ati, alamu? Kamakankhidwa ndi sipuling'i kameneko."

"Munalekera kalasi yanji kodi inu? Gwirani tochi."

Chakumadzulo tinayesa. Batani lofiira, kudina kamodzi, injini vuu. Tinazungulira msewu wathu kawiri, chiwongolero chikumvera ngati mkamwini watsopano. Ndinameza mawu anga, ndipo anandiwawa pakhosi. Kiyi yakale ija inali ikadali m'bowo mwake, yotembenuza, momwe anaisiyira poyesa mawaya. Panalibe amene anaiganizira.

Lolemba m'mawa alamu anabwera atavala jekete, ati kudzapereka ntchito mwaulemu. Mkazi wanga anakhala kumpando wakumbuyo, mapepala ali pamwendo, maso ali pawotchi. Alamu anaumirira kuti aitulutse okha pageti, ine ndikatsegule. Asanadine batani anaiona kiyi ija. Anaizula, naikweza m'mwamba kuti aneba aione bwino.

"Mlongo wanga, kukankha kwatha lero."

Anaiponya kuseri kwa mpanda. Tinaimva ikugwera m'ngalande, chubwi.

Injini inalira bwino, ndisaname. Anabwerera m'mbuyo, anapotoza chiwongolero mpaka kumapeto kuti alunjike geti, ndiye ndinamva kaphokoso kamene ndinakadziwa ndili mwana: kha. Anakokera kumanja, chinakana. Anatsamirapo ndi chifuwa, chinakanabe. Munthu wina akanaponda buleki, koma Injiniya ankakhulupirira kuti magetsi akadzaza chimasuka chokha. Galimoto inalambalala geti, inazungulira mtengo woyanikira zovala, inafika pamene inachokera, n'kuyambanso ulendo wachiwiri, shati yanga yonyowa itamata pagalasi. Ine ndili chiimire ndi geti m'manja, ndikuwaona akundidutsa ngati anthu opita kutali.

Paulendo wachitatu mkazi wanga anawagwira kolala ya jekete, galimoto inaima. Anatsika, anakonza siketi, anayang'ananso wotchi.

"Bambo a m'nyumba, ogula zitsulo aja amatseka nthawi yanji?"

Ndinati ndikuganiza kuti Lolemba satsegula. Sanaseke. Anavula nsapato zake zazitali, nazinyamula m'manja, n'kuthamangira basi.

Ndinatsala pakati pa mzere wozungulira umene matayala anajambula pabwalo, batani lofiira likuyakabe. Kuseri kwa mpanda kunkamveka kuphava kwa madzi. Nditasuzumira ndinawapeza Injiniya atagwada m'ngalande, jekete atapinda mpaka m'zigongono, mutu uli pansi pa kamlatho, akupapasa m'matope.

"Alamu," anatero osadzutsa mutu, "tochi ija ili pafupi?"