Chipinda cha Mapointi

Mzime anauza achemwali ake kuti kuntchito amutuma kukaphunzitsa makashiya atsopano kunthambi yakutali, ndipo abwerako mawa lake madzulo. Bodzalo silinavute kutuluka chifukwa ntchito yake inalidi imeneyo, kuyenda m'masitolo a kampani yawo kuphunzitsa anthu makina olipirirapo. Achemwali ankachapa nsalu za pabedi pa bambo ndipo sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti ayende bwino, asaiwale juzi.

Kudepoti sanapiteko. Anakwera basi ya m'tauni n'kukatsika pahotela yamagalasi okhaokha yoyang'anizana ndi mabanki. Kampani ikamugoneka m'mahotela a gulu limeneli ankamuwonjezera mapointi pakhadi lake, ndipo tsopano anali atakwana usiku umodzi waulere. Sanabere munthu. Anadziuza choncho ali m'basi, anadziuzanso pamene mlonda wovala jekete lofiira ankamutsegulira chitseko ngati bwana.

Chidwalireni bambo awo sitiroko, tulo tinasowa m'nyumba mwawo. Bambo anafa mbali imodzi, moti ankafunika kuwatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa ndi supuni. Achemwali anatseka shopu yawo yosoka n'kukhala panyumba, Mzime akaweruka ankawalandira. Iye kuhotelako sankafunako zambiri ayi. Ankangofuna kugona mpaka kudzuka yekha, osaitanidwa ndi munthu.

Mtsikana wa polandirira alendo ataona khadi anamwetulira, nati popeza ndi kasitomala wawo wakale amupatsa chipinda cha pamwamba. Pamipando yawofuwofu panali azibambo amasuti atawerama pamalaputopu, akulankhula motsitsa ngati pali wodwala. Mu lifiti munali kalilole mbali zonse. Mzime anakwera akuyang'ana nsapato zake.

Bedi linali lalikulu, loyera mbee. Analisindikiza ndi chikhatho, ndipo choyamba kumubwerera m'mutu chinali chakuti pamatiresi otere bambo sakanatuluka zilonda kumsana. Anapita pawindo. Kuseri kwa nyumba zitalizitali kunkaoneka thanki yamadzi ya kudera lakwawo, pafupi kuposa mmene ankaganizira. Anakoka katani. Anasamba madzi otentha mpaka zala kuchita makwinya, n'kudziponya pabedi tsitsi lili lonyowa.

Foni inamudzutsa dzuwa likupendeka. Anali achemwali, akufunsa komwe waika mankhwala a bambo amene anakatenga dzulo pochokera kuntchito. Anati afufuza pamwamba pa firiji, m'madirowa, ngakhale kunsi kwa bedi, koma botolo lakale lija latha m'mawa.

Mzime anakoka chikwama chake. Kapepala ka mapiritsi ka kufamase kanali momwemo, pansi pa tchaja ndi mafuta odzola. Anali mankhwala oletsa kukomoka, amene adokotala anachita kubwereza kuti asadumphitse ngakhale kamodzi, ndipo sagulitsa mwachisawawa. Nthawi yomwera inali ya chakudya chamadzulo.

Mzime anati aimbanso, n'kudula foni.

Anakhala m'mphepete mwa bedi kapepala kali m'manja. Akanatha kutuma wa takisi, n'kunena kuti mnzake wa kuntchito amabwerera kutauni. Koma wochokera kunthambi ija sangafike kusanache, ndipo achemwali si mwana. Anayesa bodza lina, nalonso linali ndi mchira wotuluka.

Foni inaliranso. Achemwali anati apempha mayi oyandikana nawo kuti akhale ndi bambo, iwo athamangire kuchipatala kukachonderera, mwina akapeza namwino wachifundo.

"Usadandaule, mwana wa mayi anga," anatero. "Watopa iwe. Kuiwala n'kwa aliyense."

Akanamukalipira bwenzi zili bwino.

"Musapite, achemwali. Ndikubwera nawo."

"Ukubwera pa chiyani, pa ndege?"

"Ingodikirani."

Anafika phala la bambo lisanazizire. Achemwali anatsegula chitseko atavala kale nsapato zopitira kuchipatala. Anamuyang'ana kumaso, kenako tsitsi lomwe linali lisanaume bwino, n'kutenga kapepala kaja. Anaphwanya piritsi pasupuni, kusakaniza ndi phala, n'kuwamwetsa bambo pang'onopang'ono. Bambo atamuona Mzime anamwetulira ndi mbali yawo yamoyo ija, akuyesa kutchula dzina lake.

"Gwira kumiyendo," anatero achemwali.

Anawatembenuza, kuwaikira pilo pakati pa mawondo, n'kuwafunditsa. Atatuluka kukhonde la m'kati m'pamene achemwali anafunsa ngati nthambi yakutali ija ayisamutsira kuseri kwa nyumba.

Mzime anafotokoza zonse akuyang'ana khoma: za khadi, za mapointi, za hotela yamagalasi. Achemwali ankamvetsera akupinda mathawulo, kona ndi kona, monga amapindira zovala za makasitomala kale. Anafunsa ngati madzi otentha amatuluka okha pampopi. Mzime anavomera. Anafunsa ngati kumamveka phokoso lililonse. Mzime anati ayi, kuli zii.

"Ndiye bwerera ukagone. Mapointi ako angapite pachabe."

Mzime anati apiteko iwowo, iye atsala ndi bambo, akalankhula ndi a pahotela. Achemwali anaseka kaseko kouma, nati akawaona ndi manja osuwa ndi sopowa akawalozera khomo la antchito.

"Ukanangonena kuti watopa," anatero. "Ine ndikanakana? Tsiku lonse ndakhala ndikukupempherera za pamsewu, iwe uli m'bafa."

Achemwali anaika thawulo lomaliza pamulu n'kupitiriza.

"Sabata yamawa adzakutumadi kunthambi, si choncho? Bambo akadzadwalika, ine ndidzaimbe foni kapena ndidzangoyang'ana pawindo kudikira takisi?"

Achemwali sanadikire yankho. Anakakhala pasofa kuti avule nsapato, anamasula imodzi, ina isanamasuke mutu unali utagwera kale pakhushoni, kukamwa kuli yasa. Mzime anagwada n'kuwavula inayo mosamala kuti asawadzutse. Kuphazi kwawo kunali kotupa, zingwe za nsapato zitasiya mizere pakhungu. M'chipinda bambo anakhosomola, kenako anaitana dzina la achemwali. Mzime anadzuka msanga kuti akafike asanaitanenso.