Shoti ya pa Mphambano

Lole ya esiteti ya tiyi inazima itangofika pa mphambano, ndipo amayi amene ankaimba kumbuyo anasiyira nyimbo pakati. Unali m'mawa wa chiperoni, tiyi yense atamira m'chifunga. Pakati pa amayiwo panali bokosi la maliro a Magdalena, mkazi wa Douglas.

Douglasyo ndiye anali katswiri wa magetsi a galimoto pa esitetipo, munthu wokhulupirira mawaya kuposa abusa. Anatsika n'kutsegula kabokosi ka mafyuzi. Imodzi inali itapsa, yakuda bii. Ataika ina, Yesaya dalaivala analiza injini n'kuyatsa indiketa ya kumanzere. Lole inazimanso pomwepo.

Kumanzereko n'ku Khwethemule, kwawo kwa Douglas. Kumanja n'ku Mphuka, kwawo kwa Magdalena. Akudwala, mayiyo ananena kawiri konse kuti akamuike pafupi ndi amayi ake, koma Douglas, nkhutukumve wa munthu, anachita ngati mawuwo anapita ndi mphepo. Ku Mphuka n'kutali, ndipo iye ankafuna manda oti aziwaona akamachokera ku tchalitchi.

"Alamu," anatero Lestina, mkulu wake wa malemuyo, osakweza mawu. "Mwiniwake akukana. Lankhulani naye."

"Ndi shoti ya magetsi iyi, alamu. Akufa sadziwa za mawaya."

Analowa kunsi kwa lole, jekete la maliro m'matope, n'kulondola waya wa indiketa ndi zala. Anaupeza utasupuka, ukukhudza chitsulo. Chimene sanachikonde n'chakuti malowo anali pansi penipeni pa bokosi. Anaukulunga tepi, natuluka akupukuta manja monyada.

"Mwaona? Waya basi."

Anaika fyuzi yomaliza ya m'thumba mwake, namuuza Yesaya kuti indiketa asaikhudze n'komwe. Injini inalira bwinobwino. Yesaya atangopinda chiwongolero kumanzere, panamveka kaphokoso ngati munthu wathyola kamtengo, ndipo kunakhala zii.

Othyola tiyi anali ataimirira m'chifunga muja, madengu kumsana, akungoyang'ana. Douglas anabwerezanso waya uliwonse, mpaka zala zinachita dzanzi. Sanapeze kanthu. Apa mantha anamugwira.

"Abwana, tingolumikiza ndi waya wokhuthala m'malo mwa fyuzi," ananong'ona Yesaya. "Ambiri amatero."

Douglas anaugwira wayawo m'manja. Ankadziwa kuti fyuzi imapsa kuti galimoto isapse, ndipo pamwamba paja panali anthu makumi atatu. Anauponya m'tiyi n'kukwera kumbuyo. Amayi aja anam'patsa mpata, iye nagwada pambali pa bokosi.

"Amake Triza, ndinakumvani ine. Ndinamva kawiri konse. Kungoti ndimafuna mukhale pafupi."

Madontho ankangogwa pa thenti pamwamba pa lole. Anatsika, nazula fyuzi ya hutala n'kuiika pamalo pa yopsa ija.

"Kumanja, a Yesaya."

Lole inalira kamodzi n'kamodzi, amayi nayambiranso nyimbo. Inakwera zitunda, inadumpha m'maenje, inawoloka milatho ya matabwa. Njira yonseyo Douglas anali cheucheu pa kabokosi ka mafyuzi, akupempha chamumtima kuti iyinso ipse, kuti adziwe kuti unali waya chabe, osati mkazi wake akum'kana.

Anafika ku Mphuka fyuzi ili bwinobwino.