Ndinangokana Kamodzi

Mwana wanga wamkazi anayamba kundiphunzitsa kadyedwe tili m'galimoto. Tinkapita kukadya nkhomaliro kwa makolo a mwamuna wake, asewere anga, amene ndinali ndisanawaonepo chifikireni m'dziko lawo.

"Foloko kumanzere, mpeni kumanja. Zigongono musaike patebulo. Musayambe kudya mwini nyumba asanayambe. Ndipo chonde Amayi, mafupa musatafune."

"Ndamva," ndinatero, ndikuyang'ana pawindo. Mkamwini wanga, amene samva chilankhulo chathu, ankangoyendetsa uku akumwetulira.

Anatilandira bwino, zimenezo sindinganame. Tebulo linali lalitali, nsalu yake yoyera, yopindidwa m'mphepete ndi munthu wodziwa singano. Ine ndine telala, ndinaiona. Titakhala pansi, asewere aakazi anatulukira ndi mbale yaikulu ya nkhuku yootcha, n'kuyambira kwa ine monga mlendo.

Ndinachita mmene ndinaleredwera. Kwathu mlendo salumphira chakudya ngati wachokera kundende. Amayamba wakana, mwini nyumba n'kuumirira, kenako amalandira ndi manja awiri.

"Zikomo, asavutike," ndinatero.

Mwana wanga anamasulira. Asewerewo anagwedeza mutu mwaulemu n'kupitirira. Mbale inazungulira tebulo lonse, aliyense akudzitengera, ndipo inalowa kukhitchini ine ndikuiona. Pambale panga panatsala timasamba tatiwisi ndi kachidutswa ka buledi.

Ndinadikira kuti abweranso. Sanabwere. Chidzukireni m'mawa ndinali ndisanadye kanthu, chifukwa mwana yemweyo anati ndisunge malo m'mimba.

Ndinamugunda ndi bondo kunsi kwa tebulo. "Uwauze kuti ndidya."

"Mwakana kale," anayankha mano ali chilumire, nkhope ikumwetulira anthu. "Kuno ukakana, wakana. Musandichititse manyazi."

Asewere aamuna anafunsa kanthu akuloza mbale yanga. Mwana wanga anayankha mofulumira, ndipo onse anandiyang'ana ndi maso achisoni.

"Wawauza chiyani?"

"Kuti mwatsegula m'mimba chifukwa cha ulendo."

Ine, mayi wamkulu, ndavala diresi yanga yabwino, kundilengeza kwa asewere kuti ndatsegula m'mimba? Posakhalitsa anandibweretsera madzi otentha oviikamo masamba owawa, n'kundichotsera ngakhale timasamba tija. Ndinakhala pamenepo ndikumva mipeni ikulira m'mbale za anzanga, mwana wanga akudula nyama pang'onopang'ono ngati anabadwa ndi foloko m'manja.

Asewere aakazi atanyamuka kukatenga keke, ndinanyamuka nanenso, mbale yanga m'manja.

"Amayi, khalani pansi."

Sindinamucheukire. Kukhitchini nkhuku ija inali pambali pa chitofu, ataivundikira. Ndinailoza, ndinaloza pakamwa panga, kenako ndinasisita pamimba ndikupukusa mutu kusonyeza kuti palibe chikundivuta. Mayiyo anandiyang'ana kanthawi, n'kugwira pakamwa. Anandikokera mpando, nandiikira ntchafu ndi mbatata mpaka mbale kudzaza. Anayankhula zambiri zimene sindinamve, koma nkhope yake inali itafiira ndi manyazi, ndipo manyaziwo sanali ake oti awasenze.

Mwana wanga analowa ndili pakati pa kudya.

"Mwaona zimene mwachita? Anthu onse akufunsa."

"Tseka chitseko," ndinatero. Anatseka. "Njira yonse wandilongosolera za zigongono ndi mafupa. Chinthu chimodzi chokha chimene chikanandithandiza ine, choti kuno sakakamiza mlendo, sunandiuze. Ukudziwa chifukwa chake? Sumaganiza za ine. Umaganiza za nkhope yako."

"Ndinaiwala, Amayi."

"Kuiwala ndi kwa aliyense. Koma utaona mbale ikupita, unali ndi pakamwa. Mawu awiri okha akanakwana. Iwe unasankha kundinamizira matenda."

"Simukudziwa mmene ndavutikira kuti anthu awa andione ngati mnzawo."

"Ndiye ukawauze kuti mnzawoyo ali ndi mayi wake amene amadya. Pita ukanene zoona. Apo ayi ndikanena ndekha ndi manja, ndipo ukudziwa kuti manja anga sachita manyazi."

Asewere anga ankatiyang'ana mosinthanasinthana, mpeni wa keke uli m'manja. Kenako mwanayo anatuluka, ndipo ndinamumva akuyankhula kuchipinda chodyera, mawu ali pansi. Posakhalitsa mkamwini wanga anabwera kudzanyamula mbale yanga n'kukaiika pamalo panga patebulo.

Ndinamaliza kudya onse akundidikira, keke ili pakati osaikhudza. Sindinafulumire.

Pobwerera ndinakhala kutsogolo. Mwana wanga analira kumbuyo mpaka kufika kunyumba, ndipo ndinamusiya alire.