Loya Amene Anakhala Pamphasa

Mvula inali itanunkha kale ku Magodi, koma Faides analibe cholimira. Mwamuna wake atangoikidwa m'manda, mlamu wake Haswell anadzatenga ng'ombe ziwiri za pagoli, ndi pulawo yomwe. Faides analira mpaka misozi kuuma, kenaka mtima unawira, n'kupalasa njinga kukadandaula ku boma.

Tsiku la nkhani, galimoto inaima pakhomo pa Haswell. Munatsika bambo wa tayi, mimba patsogolo, ndi mtsikana wochepa thupi atamanga chitenje. Haswell, munthu wodziwa ulemu akaona tayi, anathamangira mpando wandalema n'kuupukuta ndi chipewa chake. Mtsikanayo anagwada n'kunena kuti, "Monire mose," ndipo anamulozera pamphasa ya azimayi, pambali pa Faides.

Faides analuma mlomo kuti asaseke. Ku ofesi ya ku boma kuja anali ataona bwino amene amakhala kuseri kwa tebulo.

"Ba loya," anayamba Haswell, maso ali pa tayi, "ine sinibisa. Ng'ombe ninatenga, pulawo ninatenga. Ni za m'bale wanga. Mkazi abwelele kwao."

Wa tayiyo anangogwedeza mutu, akukukuta mtedza umene anamuikira. Haswell anaona ngati mlandu wamukomera, mpaka analamula kuti agwire tambala wa mlendo.

"Nanga ana azadya chani chaka chino, atate?" anafunsa mtsikana uja mofatsa.

"Iwe! Amuna akakamba, apamphasa amvela chabe!" anakalipa Haswell.

Apa wa tayi anameza mtedza msangamsanga. "Pepani bwana, ine ndine dalaivala. Loya ni aba, ba Loyce."

Kuseri, tambala uja ankalira.

Loyce sanadzuke n'komwe. Ali chikhalire, miyendo atawongola ngati mnzathu wosenda chinangwa, anafotokoza kuti lamulo limapereka katundu wa malemu kwa ana, mkazi ndi makolo, ndipo mlamu wolanda amamangidwa. "Ndipo mwavomela mweka, atate, anthu onse akumva. Musankhe: khola kapena khoti."

Woyamba kuphulika ndi chiseko anali mkazi wake wa Haswell yemwe.

Madzulo ake Faides anayenda pambuyo pa ng'ombe zake, Haswell akukankha pulawo kutsogolo, thukuta kamukamu. Ana atamva kulira kwa ng'ombezo anatuluka liwiro, akuziitana mayina. Wamng'ono anakumbatira khosi la ng'ombe yakuda n'kukana kulisiya, ndipo Faides, amene anaseka njira yonse, anakhala pansi pomwepo n'kulira ndi chimwemwe.