Mapulagi Atatu a aUtuchi

Kamphezi anagwada pakati pa utuchi, pulagi yofiira ili m'manja, sikuludiraiva ili kukamwa. Pazenera la shedi panali patadzaza kale mitu ya anthu ngati kukugawidwa zaulere, poti thabwa likauluka si nkhani yoti munthu n'kudikira kuimva mawa.

Zinayenda chonchi. M'mawa umenewo aUtuchi, bambo ake a Kamphezi, anasintha okha pulagi ya macheka awo aakulu. Bambowa ndi mmisiri wa matabwa, ndipo dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo akuoneka kuti analiiwala, chifukwa utuchi suchoka m'tsitsi mwawo ngakhale asambe kawiri. Atayatsa, mota inalira bwinobwino, koma macheka anazungulira chambuyo. Thabwa limene anakankhirapo linawapulumuka m'manja n'kuuluka kukamenya chitseko, pomwe mayi ake a Kamphezi ankalowa ndi fulasiki ya tiyi. Linawaphonya pang'onong'ono. Inafa ndi fulasiki.

Pasanathe ola, mayi wosoka zovala wa khomo loyandikana anali atauza kale msewu wonse kuti thabwalo linazungulira shedi katatu likufunafuna munthu. Ameneyo ndiye musamuyambe, akamva kuti mwatsokomola amakafalitsa kuti mwagonekedwa.

AUtuchi ankangozungulirazungulira akutukwana mapulagi a masiku ano, ati amapangidwa ndi anthu amene sanagwirepo nyundo chibadwire. Mayi anakhala pa benchi ali chete, ndipo zimenezi ndi zimene zinaopsa aliyense, chifukwa mayiwa tsiku lililonse amayankhula mpaka wailesi kuchita manyazi. Pomaliza anatsegula pakamwa.

"Kamphezi, tsegula uone. Likakhala vuto la pulagi, tigula ina. Likakhala vuto la mwini pulagi, shedi ino ndiitseka lero, kiyi ndimangirira pakhosi."

Kamphezi anali atangomaliza kumene zaka ziwiri za maphunziro a zamagetsi. Dzinalo analitenga ali ndi zaka zinayi, tsiku limene anapisa msomali m'soketi, tsitsi n'kuima njii ngati tsache. Anthu ankati mwanayu magetsi anamulawa n'kumukonda.

Tsono magetsi a makina aakuluwa si ofanana ndi a ayironi kunyumba. Amabwera ndi mawaya atatu amoto, amene amisiri amati mafezi, ndipo amakankha mota motsatizana, woyamba, wachiwiri, wachitatu, ngati ana atatu olandirana katungwe. Ukangosinthanitsa awiri, mota siidandaula, imangotembenuka n'kuyamba kuthamangira kumene ikuchokera. N'chifukwa chake waya aliyense ali ndi mtundu wake: wabulauni, wakuda, wotuwa, ndi wina wobiriwira ndi chikasu wotayira moto pansi zinthu zikavuta.

Kamphezi anatsegula pulagiyo. Wabulauni anali pamalo pa wakuda, wakuda pamalo pa wabulauni. Koma timasikuluwu tinali tomangidwa mwaudongo, popanda ngakhale kaulusi kamodzi ka waya kotulukira panja. Manja amene anamanga pamenepo anali omwe aja amene anamuphunzitsa mitundu ya mawaya atamukhazika pamiyendo.

Anadzutsa mutu. Bambo ake ankamuyang'ana, koma ngati akuyang'ana khutu lake osati nkhope, ndipo m'diso lawo lamanzere munali kamtambo kotuwa. Pamenepo zinthu zonse zinamubwerera. Tepi yoyezera bambowa anaisiya kale, masiku ano ankayeza ndi kamtengo kogobagoba. Foni ankaigwirira pamphuno penipeni. Sabata yatha anapereka moni waulemu kwa jekete lopachikidwa pamsomali, onse n'kuseka poyesa ndi nthabwala zawo.

Akanena zoona, shedi itsekedwa, ndipo aUtuchi opanda shedi ndi nsomba pamchenga. Akanama, thabwa lina lidzauluka, ndipo mafulasiki oimirira m'malo mwa anthu sapezeka tsiku lililonse. Anatseka pulagiyo msangamsanga.

"Pulagi yake ndi yabodza, amayi."

Mayi anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyang'ana kuja kumene kumafika mpaka m'chiwindi, n'kungonena kuti ngati zili choncho apite ndi bambo ake akagule yeniyeni.

Njira yonse aUtuchi anali osangalala ngati mwana amene wapulumuka chikwapu. Anati iwo anadziwa kale, pulagi ija inkapepuka ngati chikho. Kamphezi ankangovomera. Pamphambano anaona bambo ake akuima kaye, akumvetsera magalimoto ndi makutu asanawoloke. Anawagwira mkono ngati akusewera, iwo osaukaniza.

Sitolo ya zamagetsi ndi ya aNdilinazo. Bamboyo ngakhale mutamufunsa mazira a ndege yoyenda ndi mafuta, amayamba wayankha kuti ali nazo, kenako n'kumakafunafuna. AUtuchi anagogoda pakauntala n'kulamula mapulagi atatu ndi masoketi atatu, a macheka, a makina opalira matabwa ndi a makina okoka utuchi, onse ofanana ndendende, kuti munthu asamavutike kusankha polowetsa.

Kamphezi sanatsutse. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Anangotulutsa kapepala pamene anakopera manambala a pa timalata ta mamota onse atatu, n'kuyamba kufunsa ngati munthu wosadziwa. Kodi macheka aja, mmene amakokera moto, pulagi ya maampu 16 siingatenthe n'kusungunuka, pansi pali utuchi wouma? ANdilinazo anavomera kuti pamenepo pafunika ya 32, yonenepa ija. Nanga makina opalira, amene ali ndi kabokosi ka timagetsi ndi mabatani, safuna waya wachisanu wa nyutulo? Anavomeranso, ati imeneyo ndi ya mano asanu. Nanga kamota kokoka utuchi, ndi chingwe chake chowonda chija, kakalowa pa soketi ya macheka, si ndiye chingwe chingapse chodulira moto chachikulu cha soketiyo, chimene chimazimitsa magetsi akachuluka, chisanadzidzimuke n'komwe?

AUtuchi anadandaula kuti anatumiza mwana kusukulu kuti akaphunzire magetsi, osati uloya. Koma pakauntala panafika mapulagi atatu ofiira, osiyana ngati ana a mimba imodzi: yonenepa ya mano anayi, yaing'ono ya mano asanu, ndi yaing'ono ya mano anayi. Masoketi ake anasankha a zivindikiro, kuti utuchi usamalowe, okhala ndi switchi imene siyatsa pulagi isanalowe bwino, ndiponso siilola pulagi kuzuka moto uli woyaka.

Kenako Kamphezi anatsinzina. Anapapasa pakauntala, n'kutola imodzi.

"Iyi yadzaza dzanja, ndi ya macheka. Iyi ndiwerenge mano, asanu, ndi yopalira. Yotsalayi ndi ya utuchi. Iliyonse ili ndi dzino limodzi lonenepa ndi kamphuno m'mbali. Kamphuno kakapeza kanjira kake, yalowa. Soketi ya mnzake siingalole, ngakhale muikakamize ndi nyundo."

Anatenga dzanja la bambo ake n'kuikamo yonenepa ija. Chala chawo chachikulu, chokhakhala ngati sandipepala, chinayenda pa mano, chinapeza dzino lonenepa, chinapeza kamphuno, n'kuima pomwepo.

ANdilinazo, amene makutu awo amamva ngakhale nyerere zikamanong'onezana, mwadzidzidzi anakumbukira kuti kuseri kuli katundu wofunika kumuwerenga. Anthu amamunena zambiri bamboyo, koma tsiku limenelo anachita zaumunthu.

"Kusukulu kwanuko amakuphunzitsani kusankha mapulagi mutatsinzina?" anafunsa aUtuchi motsitsa mawu.

"Ayi, ababa."

Kunja kunadutsa galimoto, kenako ina.

"Wabulauni ndinamuika pati?"

"Pa wakuda."

AUtuchi anakhala pa kampando ka makasitomala. Anati kwa miyezi tsopano mitundu iwiriyo imaoneka ngati mapasa, ndipo m'mawawo anaima nayo pakhomo padzuwa, n'kungosankha mwa mwayi. Sanafune kuitana mwana wawo, poti mmisiri wa zaka makumi atatu angafunse bwanji kamwana kamene anakaphunzitsa yekha kugwira sikuludiraiva? Ankaopa kuti akangonena, amukhazika pakhonde n'kumamufunditsa bulangete masana ngati katundu wosweka.

"Ndikanawapha mayi ako chifukwa cha manyazi," anatero. "Tsabola wakale sawawa, mwanawe. Ndatha ine."

Kamphezi anawauza kuti m'kalasi mwawo monse, ngakhale mphunzitsi amene, panalibe womanga sikuluwu mwaudongo ngati mmene anaonera m'pulagi ija. Manja analipo, mutu unalipo, chimene chinachita ulesi ndi diso, ndipo ng'ala madokotala amachotsa. Koma anaika mfundo zake, akuwerenga pa zala ngati mayi ake. Mawaya onse kuyambira lero ndi ake. Kuchipatala cha maso apita limodzi. Ndipo bodza limene ananena m'mawa iye salisenzanso, akalitule okha pamaso pa mayi.

AUtuchi anapempha kuti mwina chachitatucho achichotsepo, awonjezere china chilichonse, ngakhale kusiya shuga. Kamphezi anakana.

Masana onse anagwira ntchito. Kamphezi anazimitsa magetsi onse a m'shedi, n'kukhoma masoketi atatu pakhoma, iliyonse pafupi ndi makina ake. Bambo ake anamupalira timatabwa tokhomerapo, tosalala ngati tsaya la khanda, ndipo ankamupatsira zida asanazitchule n'komwe. Atamanga mawaya, Kamphezi anayesa mota iliyonse payokha, popanda thabwa, akuyang'ana ngati ikutsata kamuvi kojambulidwa pa chivindikiro chake. Zonse zinayenda molunjika.

Mayi anafika ndi tiyi m'ketulo, poti fulasiki inali itaikidwa kale m'manda. AUtuchi anavula chipewa, anachipindapinda, anakhosomola, anayamba ndi nkhani ya mitengo ya zinthu, kenako ya nyengo, mpaka Kamphezi anagwetsa dala sipanala. Ndiye aUtuchi ananena zonse, mwachidule, maso ali pansi.

Mayi anathira tiyi m'makapu atatu osadontheza.

"Bambo a Kamphezi, miyezi isanu ndakhala ndikukuikirani nsapato ziwiriziwiri pakhomo. Mukudziwa chifukwa chake? Tsiku lina munapita kumsonkhano wa makolo mutavala ina yakuda, ina yabulauni. Wosoka zovala uja ndinachita kumuuza kuti ndi fasho yatsopano."

Kamphezi anaseka mpaka tiyi kumutuluka m'mphuno. AUtuchi anafunsa kuti nanga osanena bwanji nthawi yonseyi. Mayi anayankha kuti mwamuna wouma mutu ali ngati msomali wopindika, ukaumenya pamutu umangopindikirabe, ndiye iwo ankadikira kuti awongoke yekha. Koma m'mawawo, ataona thabwa likubwera, anazindikira kuti kudikira kwawoko nakonso kunali kulakwa. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo n'kumuuza kuti kunama sakutha, makutu ake amachita kunjenjemera, ndipo asadzayerekezenso.

Kiyi mayi anamumangiriradi pakhosi pawo. Koma anati shedi aziitsegula iwo eni ake m'mawa uliwonse, bambo azipala, azikhoma, azipaka vanishi mmene angafunire. Macheka okha ndiwo adikire mpaka diso litakonzedwa, ndipo chodula chilichonse azidula Kamphezi, bambo ake ataima pambali kumulangiza. Mutu umodzi susenza denga, anatero, makamaka mutu wodzaza utuchi.

AUtuchi anavomera, n'kupempha kanthu kamodzi kokha: angowamva macheka awo akulira kamodzi, popanda thabwa. Mayi anayang'ana Kamphezi, Kamphezi anagwedeza mutu movomereza.

AUtuchi anapita kukhoma atatsinzina dala. Anatola pulagi yodzaza dzanja ija, anaiyesa pa soketi ya makina opalira kuti aone ngati mwana wawo sananame, ndipo inakana. Anasuntha mapazi awiri, anatukula chivindikiro, chala chinapeza kamphuno, kamphuno kanapeza kanjira kake. Inalowa kuti khe. Anapotokola switchi, anadina batani, macheka n'kuyamba kuimba nyimbo yawo yakale, mano akugwera kutsogolo monga mwa masiku onse.

Anaima pomwepo akumvetsera, maso ali chitsinzinire. Kamphepo ka macheka kananyamula utuchi wa patebulo, kanauzunguza m'kuwala kwa pazenera, n'kukautula m'tsitsi mwa mayi. Mayiwa, amene zaka zonsezi akhala akukalipira utuchi pa mapilo, anakweza dzanja kuti ausase, koma analibwezanso pa kapu yawo.