Diso la pa Nsanja

1.

Chikwangwani cha patsinde pa nsanja, pamwamba pa phiri la pakati pa mzinda, chimati:

ZOCHITA PANO
Kukwera nsanja, masitepe 96.
Kuona mzinda wonse ndi Diso.
Kujambulitsa.
Kupemphera, kumiyala ya kum'mawa kokha.
Kudya chimanga chootcha.
Osadyetsa anyani.

M'munsi mwake wina analemba ndi khala: Kuno zonse zimaoneka.

Anangondo anawerenga mawu a khalawo kawiri. Kenako anakonza mpango wawo, umene sunapendeke n'komwe.

2.

Anali amayi khumi ndi anayi a chigwirizano cha mpingo, mabulauzi oyera, mipango yoyera, milomo youma chifukwa linali tsiku lachitatu la kusala kudya. Chaka ndi chaka ankamalizira kusalako paphiri lina kunja kwa mzinda. Chaka chino apampando, Mayi Chimbalanga, anangoti tipita kuphiri la nsanja.

Miyendo yanga, anatero Anangondo, amene ndiwo amayambitsa nyimbo.

Miyendo iti? Chaka chatha munatisiya m'mbuyo tonse, mukuimba mavesi asanu osapuma.

Kuli alendo ambiri kumeneko. Phokoso.

Mulungu si wogontha, Anangondo.

3.

Zaka zitatu zapitazo. Pakhomo la khitchini.

Elube, mwana mmodzi yekhayo wa Anangondo, wa m'kwaya, amene anamulera okha bambo ake atamwalira, anagwada pansi. Amayi, ndili ndi pakati. Mwamunayo wakana.

Anangondo anali akusita bulauzi yoyera. Sanakweze mawu. Akanakhala kuti anakalipa, mwina mkwiyo ukanatha dzuwa lisanalowe, monga malemba afunira. Koma ananena mofatsa, ngati munthu wopereka chilengezo m'tchalitchi.

Bulauzi iyi usaidetse. Tenga chikwama chako.

Elube anatenga.

4.

Ife amayi tili ndi mwambo wathu paphiri, aliyense amavula nsapato, amalemba chopempha chake pakapepala n'kuponya mumtanga, kenako wina amatola osayang'ana n'kuwerenga mokweza kuti katundu wa mnzako umusenze ndiwe, ndipo kapepala ka Anangondo sikanasinthe zaka zitatu, mwana wanga Elube ali ku Joni, mumupempherere, ndipo tinapemphera ndithu, tinapempherera pasipoti yake, tinapempherera ntchito, tinapempherera kuzizira kwa kumeneko kuti kusamulowe m'chifuwa, tinapempherera mabwana ankhanza ndi mabasi a m'misewu italiitali, Mayi Kaphuka amene anabwera mumpingo mwathu Elube atachoka kale analira mpaka mpango kugwa chifukwa mng'ono wawo anafera kumeneko, ndipo Anangondo ankati amen, amen, maso ali chotseka kolimba ngati munthu amene akuopa kuti akatsegula aona

5.

Ali ku Joni.

Ku Joni kwake n'kumene kumaoneka munthu ataima pakhonde la Anangondo: phiri, ndi kansanja pamwamba pake ngati singano. Wogulitsa makala ndiye anawauza. Mwana wanu uja analembedwa ntchito kunsanja, amaonetsa alendo mzinda. Ali ndi kamtsikana.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankamanga kathumba.

Sopo.
Mbatata zophika.
Kachipewa koluka, kamene anakamasula n'kukalukanso katatu, poti mutu wa mwana sudikira.

Ankayenda mpaka pachipata cha m'munsi mwa phiri, pamene pali mtengo wa m'bawa. Ankaima. Ankaganiza za amene angawaone akukwera. Ankabwerera.

Palibe wandiona, ankadziuza m'njira.

6.

Lero, kumiyala ya kum'mawa, nsapato zili pamzere. Mtanga unazungulira. Kapepala ka Anangondo kanagwera m'manja mwa Mayi Chimbalanga.

Anakafunyulula. Anakayang'ana nthawi yaitali kuposa mawu amene analimo. Anakapinda n'kukaika m'thumba.

Aka tikapempherera pamwamba. Anangondo, tiyambitsireni nyimbo tizikwera.

Anangondo anatsegula pakamwa. Nyimbo imene anaidziwa asanadziwe kuwerenga, ya nkhosa yosochera ija, inakana kutuluka.

Ndi njala, anatero wina mokoma mtima.

7.

Sitepe yakhumi. Chitsulo.

Yamakumi atatu. Mwina lero sali pantchito.

Yamakumi asanu. Mphepo.

Yamakumi asanu ndi awiri. Ambuye, mubiseni.

Ayi. Ambuye, mundibise.

8.

Pamwamba panali mtsikana wovala jekete lachikasu la antchito, dzanja lili pachitsulo chachitali choonera patali chimene anthu amachitcha Diso. Kumapazi kwake kamwana kankasewera ndi chitsononkho.

Elube anawerama pang'ono, monga amachitira kwa mlendo aliyense. Takulandirani, amayi. Kuno zonse zimaoneka.

Amayi khumi ndi awiri amene anamuona akukula anayang'ana zala za kumapazi kwawo. Mayi Kaphuka okha, amene sankamudziwa, ndiwo analankhula.

Koma Anangondo, mtsikanayu mphumi yake ndi yanu yeniyeni.

Anthu amafanana.

Si wachibale?

Ayi.

Ngakhale kamwanaka, taonani makutu. Simukumudziwa ndithu?

Ndati sindikumudziwa.

Paphiri palibe tambala. Analira anali khwangwala, kamodzi kokha, n'kuuluka.

9.

Iwe Nangondo, mwana wa mkulu wa mpingo. Unaphunzitsa ana a Sande sukulu za bambo amene anathamangira mwana wake akali patali. Unkachita kukweza chitenje kuwaonetsa mmene nkhalambayo inathamangira, ana n'kumaseka. Unawauza kuti sanafunse za anansi.

Iwe unafunsa za anansi.

Ndipo bodza lako sunalinene pamsika. Unalilemba pakapepala, unaliponya mumtanga wa mapemphero, unavula nsapato.

10.

Elube sanasinthe nkhope. Anagwira ntchito yake. Uwo ndi msika, amayi. Ilo ndi bwalo la mpira. Tchalitchi chanu ndi icho, cha denga lofiira.

Ha, denga lathu ladzimbiri chonchi? anatero mayi wina. Tiziuza abambo a komiti abwere adzaone manyazi awo.

Anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu anjala. Aliyense akachotsa dzanja, Diso linkatembenuka lokha pang'onopang'ono n'kukaima malo amodzimodzi.

Lawonongeka? anafunsa Mayi Kaphuka.

Linazolowera, anatero Elube.

Mayi Chimbalanga anagwira Anangondo pachigongono. Mwatsala inu. Musalikhudze, mungoyang'ana pamene laima.

Anangondo anawerama.

Chitseko chabuluu.
Mtengo wa papaya wopendekera kuchimbudzi.
Chingwe, ndipo pachingwepo bulauzi yawo inayo, yoyera, ikuuluzika.

Mawu a Elube anamveka pafupi ndi khutu lawo, otsika, kuti ena asamve. Mumachapa Lachiwiri. Mpando wa ababa munautulutsa pakhonde. Mwezi wa Juni simunatuluke masiku anayi, ndinatuma wamakala adzaone.

Kenako anatsitsa Diso pang'ono. Chipata. Mtengo wa m'bawa.

Apa mumafika Loweruka. Sabata yatha munaima nthawi yaitali kuposa kale. Ndinati lero akwera.

11.

Anangondo anaweramuka. Mzinda wonse unali pansi pawo, madenga osawerengeka, ndipo panalibe ngakhale limodzi loti abisaleko.

Amayi anzanga, ndinakunamizani. Ndinanamiza ndi Mulungu yemwe. Uyu ndi Elube. Sanapite ku Joni. Ndinamupirikitsa ndine.

Mayi Kaphuka anagwira pakamwa. Enawo sanadabwe, ndipo kusadabwa kwawoko kunawawa kuposa mbama.

Tinadziwa chaka chatha, anatero Mayi Chimbalanga. Mdzukulu wanga anabwera kuno ndi sukulu.

Nanga chaka chonsechi, Lachinayi lililonse, munkapempherera ndani?

Tinkati, Ambuye, muli munthu wathu amene ali kutali, kudziko lozizira, mubwezereni kwawo. Dzina sitinkatchula. Inu munkati amen.

Anatulutsa kapepala kaja n'kukaika m'dzanja la Anangondo.

Mayi Kaphuka okha ndiwo munawaliritsa pachabe. Amenewo muwapepese bwino.

12.

Elube ananyamula kamwana kaja. Tamanda, agogo ako awa.

Kamwanako kanayang'ana mayi wa mpango woyera, wamkulu, wonunkhira thukuta ndi sopo. Kanapukusa mutu. Kanatambasula dzanja n'kumenya pachitsulo cha Diso.

Agogo umu.

Ayi, mwanangu, atuluka. Ndi awa.

Umu.

Elube anayang'ana amake koyamba, maso kumaso. M'mawa uliwonse ndimamunyamula kuti akupatseni moni. Amakudziwani muli aang'ono chonchi. Anaonetsa ndi zala ziwiri.

Anamuika mwanayo pagalasi. Tamanda anasuzumira monga anazolowera, diso limodzi atatsinzina, dzanja lili m'mwamba kukonzekera kubayibitsa. Anafufuza pakhonde. Anafufuza pachingwe. Anachotsa diso pagalasi.

Achoka.

Anangondo anagwada. Poponda pa nsanjapo mpachitsulo, ndipo dzimbiri linagwira bulauzi pachigongono ndi pamimba pamene anawerama kuti mutu wawo ukhale m'munsi mwa wa mwanayo. Sanasase.

Sindinachoke, mayi anga. Ndachedwa.

Tamanda anabisa nkhope m'khosi mwa amake. Sindikuwadziwa.

Palibe anaseka. Palibe anayambitsa nyimbo. Anangondo anakhala chigwadire pomwepo, manja ali chitambasulire, kudikira kuti mwanayo atembenuke nthawi imene afune yekha.