Denga la a Teleza

Mu 1932, a Amosi, wothyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo, ankati akaweruka Loweruka, amakafolera nyumba za alendo ochokera kudziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, iwo osalandira malipiro.

Mwana wa mlongo wawo, Dickson, anawafunsa, "Amalume, simutopa? Mumapindulanji?"

"Senza udzuwu, ukaone wekha," anayankha a Amosi.

Tsikulo anafolera kanyumba ka a Teleza, mayi wamasiye wa ana atatu. Atangomaliza, mvula inayamba. Onse anathawira m'nyumbamo, anawo maso ali kudenga, kudikira kuti mudontha. Simunadonthe. Mwana wamng'ono anayamba kuvina, a Teleza akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

Dickson anabwerera kwawo manja atachita matuza, koma mtima uli myaa. Sabata yotsatira anakopa anzake awiri kuti akamwete nawo udzu.